Adona m'Thanki Yapamwamba

M'mawa umenewo a Nthenga anali atatsala pang'ono kuswa lamulo limene anakhazikitsa okha ndi kulisunga zaka zoposa makumi awiri. Ankafuna kutenga nsomba yodwala n'kukaibisa m'thanki yapamwamba, imene madzi ake amatsikira m'chipinda cha mazira. Sikuti sankadziwa kuopsa kwake. Mwa anthu onse oweta nsomba m'dera lija panalibe wodziwa bwino zimenezi kuposa iwo. Choncho wina asawamvere chisoni ngati munthu amene anapunthwa mumdima, pakuti anapunthwa kunja kukuwala, akuona pamene akuponda.

Dzina loti Nthenga linabwera chifukwa cha nthenga ya tsekwe imene sinkachoka kukhutu kwawo. Ntchito yawo inali yoswetsa mazira a nsomba za m'madzi ozizira ndi kupereka tiana kwa alimi, ndipo ankaigwira ndi ulemu umene masiku ano ukusowa. Malo awo anali pamtsetse, kunsi kwa kasupe. Madzi ankayamba kulowa m'thanki yasimenti yovindikira ndi matabwa, kuseri kwa khoma la chipinda cha mazira. Kuchoka apo ankadutsa m'paipi n'kugwera m'mathireyi a mazira, kenako m'maiwe a tiana, kenako m'maiwe a nsomba zikuluzikulu, ndipo pomalizira pake, pafupi ndi geti, m'kathanki ka nsomba zodwala. Dongosololi silinali lokongoletsa malo. Madzi ayenera kuchoka kwa ana kupita kwa akulu, kuchoka kwa athanzi kupita kwa odwala, osabwerera. Pamwamba pa mazira sipakhala chamoyo chilichonse. Limeneli ndilo linali lamulo, ndipo a Nthenga anachotsapo munthu ntchito chifukwa chongotsukira kaukonde m'thanki ija.

Pantchitopo ankathandizana ndi akazi awo, ndi mwana wawo wamkazi amene onse ankamutcha Kadiso chifukwa choona msanga dzira lakufa, ndiponso mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, woyendetsa galimoto yoperekera tiana, munthu wosauma nthabwala pakamwa.

Panalinso Adona. Adona anali nsomba yaikazi, yamsana wotakata, yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Kwa zaka zonse zija a Nthenga ankasankha makolo m'gulu lililonse, kusiya zokula msanga ndi zopirira, kutaya zopindika msana ndi zamantha pa chakudya, mpaka anatulutsa mtundu umene alimi ankauzindikira ndi maso ngakhale pamsika. Koma chaka chapitacho mvula inagumula dziwe la makolo, ndipo madzi ataphwera yaikazi inapezeka imodzi yokha. Mtundu wonse unali m'mimba mwa Adona. Nyengo yozizira itafika anawafinya mazira bwinobwino, anawathira umuna wa tamphongo tiwiri timene tinapulumuka, ndipo mazirawo, ofiirira ngati mikanda, anadzaza mathireyi onse. Koma powabweza m'dziwe, ukonde unawapala m'nthiti n'kuchotsa ntchofu yoterera imene imateteza khungu la nsomba. Patapita masiku, pabalapo panamera kanthu koyera konga thonje lonyowa. Chinali chuku cha m'madzi.

Malo a nsomba yotere anali odziwika: kathanki ka pageti, madzi amchere, ndi kudikira. Koma tsiku limenelo kunkabwera alendo, alimi a m'bungwe la oweta nsomba, kudzaphunzira pamalo amene ankatchulidwa kuti ndi achitsanzo. Chinthu choyamba kuona akalowa pageti chikadakhala Adona atavala thonje. Komanso madzi a pageti anali otsala, odutsa kale m'maiwe onse, pamene apamwamba anali oyera, ongotuluka pansi. A Nthenga anadziuza kuti akuchitira chifundo nsomba yawo. Tisamale kwambiri pamene manyazi abwereka chovala cha chifundo, chifukwa pamenepo ngakhale munthu wanzeru amadzinamiza mosavuta.

Anakulunga Adona m'thumba lonyowa, anakwera nawo kuseri kwa khoma, anatsegula thabwa limodzi, nawatsitsira m'madzi. Anabwezera thabwalo, nakhoma loko. "Mawa lomweli ndikuchotsanimo," anatero chamumtima.

Potsika anakumana ndi akazi awo atanyamula ndowa.

"Bambo a Kadiso, mwanyowa chonchi alendo ali m'njira? Mkazi mnzanga Adona wakukumbatirani?"

"Ndimaona paipi."

"Nanga iye wadzuka bwanji? M'dziwe sindinamuone."

"Ndamuika padera. Akufunika bata."

"Ine pobereka Kadiso batalo simunandifunire," anatero mayiwo akuseka, napitirira. Sanafunsenso, popeza pa zaka zonse za banja lawo a Nthenga anali asanawanamizepo pa nkhani ya nsomba.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Anapondetsedwa m'beseni la mankhwala pakhomo, anasambitsidwa m'manja, ndipo analowa m'chipinda cha mazira mwakachetechete ngati olowa m'nyumba ya mapemphero. A Nthenga anaima patsogolo pa mathireyi, malaya atasintha, ndipo anayankhula bwino kuposa tsiku lina lililonse.

"Dzira lamoyo ndi lofiirira," anatero. "Likafa limayera. Loyeralo ndilo munda wa mdani wathu. Kadiso, aonetse."

Kadiso anali atasunga dala dzira lakufa m'kabotolo. Anatapa kaubweya ka chuku kamene kanamerapo, anakaika pagalasi pansi pa maikulosikopu, ndipo alendo ankasuzumira mmodzimmodzi.

"Ee! Timizu!" anafuula mayi wina wovala chipewa chachikulu.

"Si mizu, mayi, ndi timaulusi. Timalowa m'dzira n'kumadya, tina n'kutuluka kunja. Onani kunsonga kwake. Mukuona patupa ngati kathumba kakatali?"

"Ndikuona. Muli tinthu tothithikana."

"Dikirani pang'ono."

Mayiwo anadikira, kenako anabwerera m'mbuyo chodzidzimuka. "Kaphulika! Tikuthawa! Abale, tili ndi moyo timeneti!"

"Timeneto ndi timbewu take," anatero a Nthenga. "Kalikonse kali ndi timichira tiwiri, kamasambira. Kakatopa kamakhazikika n'kudzikuta ndi chikopa. Wina n'kumati kafa. Sikanafe, kakupuma. Kamatulukanso kamphamvu kuposa poyamba, n'kumatsata fungo la dzira lakufa kapena bala la nsomba. Kakaphonya kamapumanso, n'kuyambiranso. Kakapeza, kamamera, ndipo posakhalitsa nako kamabereka timatumba take."

"Ndiye timeneti n'takhama kuposa ana anga," anatero bambo wina wadazi. "Anga akaphonya kamodzi amakagona."

"Nanga tikaumitsa dziwe, timbewuti sititha?" anafunsa mayi wachipewa uja.

"Apo ndiye pali ukwati," anayankha a Nthenga. "Chakudya chikamatha, ulusi wina umatupa n'kukhala kampira kachikazi, wina wachimuna umadzakakumbatira, ndipo m'katimo mumabadwa mbewu ya chikopa cholimba. Imeneyo imagona m'matope kapena mumng'alu wa simenti, osaopa dzuwa, kudikira madzi."

"Alamu, ukwati wopanda chakudya umenewo sindingapiteko," anatero mlamu wawo ali pakhomo, anthu n'kuseka.

A Nthenga anasolola nthenga kukhutu. Anailowetsa m'madzi, anasuntha dzira loyera limodzi pakati pa anzake osagwedeza ngakhale limodzi lamoyo, nalinyamula ndi kapaipi kagalasi. "Timbewu timeneti m'madzi alionse timapezeka, koma tochepa. Tochepato timagonja ndi nthenga iyi, m'mawa uliwonse, osajomba. Mukasiya dzira lakufa, ulusi wake umafungatira oyandikana nalo n'kuwatsamwitsa, iwonso n'kusanduka minda. Koma mukaika nsomba yodwala kumtunda kwa mazira, ndiye kuti mwatsegula fakitale. Palibe nthenga imene ingalimbane nayo."

Ananena mawu amenewa ataima pansi pa paipi imene inkatsitsa madzi kuchokera kwa Adona.

"Nanga mwini mazirawa ali kuti?" anafunsa bambo wadazi uja. "Tabwera kudzaona Adona ife."

"Mayi wongochira kumene salandira alendo," anayankha a Nthenga. Anthu anaseka, nawomba m'manja, ndipo ambiri analembetsa kuti tiana tikadzakula adzatengeko.

Kutacha sanawachotsemo Adona. Atasuzumira anawaona akusambira mwamphamvuko, ndipo anati madzi oyera akuthandiza, awonjezere tsiku limodzi. Tsiku linalo ananenanso chimodzimodzi. Cholakwa chimene sichinabweretse chilango msanga chimayamba kuoneka ngati nzeru, ndipo pamenepo m'pamene chimazika.

Woyamba kudabwa anali Kadiso. Kale dzira lakufa linkakhala loyera chabe kufikira m'mawa wotsatira. Tsopano ankalipeza litamera kale ubweya, litagwira anzake awiri kapena atatu. Anawiritsa nthenga zonse, anatsuka timapaipi, anasintha mankhwala a pakhomo.

"Bambo, mwina alendo aja anabwera nacho chukuchi ku nsapato," anatero.

"Mwina," anayankha a Nthenga osamuyang'ana.

"Kapena m'thanki mwagwera chule wakufa. Mundipatse kiyi ndikaone."

"Ndaonamo kale. Tola mazira."

Zinaululika masana ena, onse anayi atawerama pamathireyi, m'chipinda mukungomveka kuyenda kwa madzi. Kuseri kwa khoma kunamveka phwaa! Kenakonso phwaa! Aliyense woweta nsomba amadziwa kulira kwa mchira waukulu ukamenya madzi. Manja onse anaima.

"Alamu," anatero mlamu uja pang'onopang'ono, "kasupe wathuyu wamera mchira liti?"

Palibe anaseka. Akazi awo anaika pansi kapaipi, napukuta manja pachitenje.

"Padera paja mumanena ndi pamenepo?"

A Nthenga anaweramuka. Akadatha kunena kuti nsomba yalumphiramo yokha, kapena kunamizira wantchito wakale. Sanatero, ndipo pamenepa m'pamene munthu weniweni anayamba kuonekanso. "Ndi Adona. Ali ndi chuku m'nthiti. Ndinawaikamo ndine, tsiku la alendo lija."

"Inuyo, Bambo?" anatero Kadiso. "Ine ndakhala ndikuwiritsa nthenga ngati wamisala, ndikudziimba mlandu kuti maso anga ayamba ulesi. Munkandiona, osanena kanthu?"

"Ndinkakuona."

"Munachotsa ntchito mwana wa eni chifukwa cha kaukonde," anatero akazi awo. "Kaukonde! Lero inu mwaikamo nsomba yathunthu. Munkaopa chiyani, kuti anthu adziwa kuti kwa a Nthenga nakonso nsomba zimadwala?"

"Chimenecho ndicho ndinkaopa. Mayi a Kadiso, mudzandikalipire mpaka mawu atatha, ndidzakhala pansi n'kumvetsera. Koma pano mazira akutsamwa. Alamu, tengani paipi yaitali ija m'galimoto, mulumikize kukasupe, madzi abwere molunjika osadzera m'thanki. Kadiso, sungunula mchere m'kathanki ka pageti."

Zimene banja limeneli linachita m'masiku otsatirawo ziyenera kunenedwa ndi mutu wodzutsa. Mlamu uja, amene ambiri ankamuyesa wongodziwa kuseka, anakwawa m'matope ozizira mpaka paipi inagwira, ndipo madzi sanaleke kuyenda pamazira ngakhale kamphindi. A Nthenga anatulutsa Adona ndi manja awo. Thonje lija linali litayenda kuchoka m'nthiti kufika m'makha, momwe nsomba imapumira, ndipo anawanyamula poyera, kudutsa pabwalo lonse, mpaka pageti pamene anayenera kuwaika poyamba. Anaphwetsa thanki yapamwamba, anaikwecha ndi bulashi, anamata ming'alu yonse kuti mbewu zogona zija zisapeze pobisala, ndipo matabwa ovindikira anawatentha.

Koma nkhondo yeniyeni inali m'mathireyi, ndipo inali yovuta pa chifukwa chimene odziwa ntchitoyi okha angachimvetse. Dzira la nsomba zimenezi likakhala lisanachite maso, ndiko kuti timadontho tiwiri takuda tisanaoneke m'kati mwake, siligwedezedwa. Kungoligunda pang'ono limafa. Choncho sakadatha kukhuthula mazirawo, kuwatsuka ndi kuwasamutsira m'mathireyi atsopano. Anayenera kutola limodzilimodzi pamalo pomwepo. Ndipo pamene chuku chinali chitamanga mazira pamodzi ngati chibuma, kuchotsa lakufa kunali kukoka amoyo, kulisiya kunali kuwapereka.

Anawerama kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Zala zinkachita dzanzi ndi kuzizira, ankaziika m'khwapa pang'ono n'kubwereranso. Anathira mankhwala otsukira mazira pa mlingo wake, osapyola chifukwa cha mantha. Mayi a Kadiso, amene chiululikire nkhani ija anali ataleka kuwayankhula amuna awo, ankawaikira tiyi pambali osanena kanthu, ndipo iwo ankamwa osanena kanthu. Kadiso ankatola mofulumira kuposa onse, ndipo tsiku lina bambo ake anaima n'kumuyang'ana kwa nthawi.

"Dzanja lako laposa langa," anatero.

"Musandinyengerere, Bambo. Ndikadakwiyabe."

"Kwiya, koma usagwedeze thireyi."

"Ine ndiye ndatola mazira mpaka ndikatseka maso ndikuona mikanda," anadandaula mlamu uja. "Mwana wa achemwali, ukadzakwatiwa usadzatibweretsere woweta nsomba. Upeze wokonza mawilo."

"Amalume, mwasiya loyera apo, kudzanja lanu lamanzere."

Ntchito yotere sinachitikepo pamalo aja, ndipo m'nyengo ina iliyonse ikadapulumutsa mazira. Koma fakitale ija inali itagwira ntchito masiku ambiri. Timbewu tinali kale paliponse, m'makona a mathireyi, pansi pa sefa, tina tikupuma m'zikopa zawo, tina tikusambira. M'mawa uliwonse ankapeza zibuma zatsopano pamene dzulo lake anasiya poyera. Thireyi yoyamba inatayidwa yonse, kenako yachiwiri. Adona anafa m'madzi amchere, makha atatsekeka, ndipo a Nthenga anawakwirira kutali ndi madzi, nathira laimu m'dzenjemo monga mwa lamulo, osawachitira mwambo wina uliwonse. Mazira ochepa anafika pochita maso, ena mwa iwo anaswa. Koma tianato tinali tofooka, ndipo chuku chinatipeza tisanamalize n'komwe kathumba ka chakudya kamene timabadwa nako pamimba.

Nthawi yoti alimi adzatenge tiana itayandikira, mlamu uja anawapeza a Nthenga akutsuka mathireyi opanda kanthu.

"Alamu, ndimveni kaye musanandithamangitse. Kutsidya kuli munthu ali ndi tiana tambiri. Ndipite ndi galimoto, tidzatithire m'maiwe athu. Kamwana ka nsomba n'kamwana ka nsomba, kalibe chiphaso. Adzazindikira ndani?"

"Adzazindikira pokolola, msana ukadzakhala wopyapyala."

"Pamenepo tidzati ndi chakudya chawo."

"Ndinabisa nsomba imodzi, alamu, ndipo mwaona chimene yabala. Mukufuna ndibise galimoto yathunthu?" Anaimika thireyi padzuwa. "Dzina langa likagwa, ligwe ndi zoona."

Alimi anabwera ndi migolo yawo ndi zidebe zawo, mayi wachipewa uja ndi bambo wadazi ali pomwepo. A Nthenga anawalandira pageti atavala malaya oyera, akazi awo ataima mbali ina, Kadiso mbali ina. Sanatume munthu kukawanenera.

"Tiana ta Adona kulibe," anatero mokweza kuti wakumbuyo amve. "Si mvula, si matenda ochokera kwina, si nsapato zanu. Tsiku lija ndinkakuphunzitsani kuti nsomba yodwala siikidwa kumtunda kwa mazira, Adona anali ndi chuku, ndipo anali m'thanki pamwamba pa mitu yanu. Ndinawabisa kuti musaone. Zonse zimene ndinakuuzani tsiku lija n'zoona, ndipo umboni wake ndi maiwe opanda kanthu awa. Lowani muone."

Kenako bambo wadazi uja anakanda pamutu.

"Ndiye mwatiyendetsa ulendo wonsewu kudzaona madzi?"

"Madzi ndi manyazi anga. Zonse ziwiri n'zaulere."

Ena anatukwana chapansipansi n'kubwerera ndi migolo yawo. Ena analowa, nayenda m'chipinda cha mazira, nafunsa mafunso ambiri kuposa tsiku loyamba lija, ndipo a Nthenga anayankha lililonse osatsitsa maso. Mayi wachipewa uja potuluka anauza mayi a Kadiso kuti, "Amuna anuwa ndi ouma mutu, koma chaka chamawa ndidzabweranso." Mayiwo anayankha kuti, "Kuuma mutuko ndikukudziwa ine kuposa inu," ndipo madzulo ake anayamba kuwayankhulanso.

Malo aja sanatsekedwe. Anagula makolo ena wamba, ndipo Kadiso anayamba kusankha kuyambira pachiyambi. Koma kuvomera cholakwa, ngakhale kukhale kwaulemu chotani, sikudzutsa chimene chafa. Adona anafa, mazira awo onse anafa, ndipo mtundu umene a Nthenga anaupanga ndi zaka zoposa makumi awiri za moyo wawo unathera pomwepo. Zaka zina zochuluka chotero zoti apangire wina analibe.